Chiphaso cha Tsiku Limodzi: Mbiri ya Erik De Vlaeminck

Mwezi uno m'danga lathu lino tikambirana za munthu wa njinga. Dzina lake ndi Erik De Vlaeminck wa ku Belgium, amene adakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi kasanu ndi kaŵiri pa mpikisano wotchedwa cyclo-cross. Mamendulo ake tiwatchula ndithu, koma chimene chandichititsa kukusimbirani mbiri yake ndi kapepala kena kamene adapatsidwa atagwa m'mavuto aakulu. Ndikhulupirira kuti kapepalako kali ndi mawu kwa banja lililonse limene lili ndi mwana amene adataya njira ndipo tsopano afuna kubwerera.

Mpikisano wa m'matope

Tiyambe tafotokoza za mpikisanowo, pakuti ambiri a ife sitidauonepo ndi maso. Aliyense amene adapalasapo njinga m'nyengo ya dzinja akudziŵa chimene chimachitika matayala akaloŵa m'dothi lamakande. Matope amakanirira m'mabuleki ndi m'tcheni, njinga imalemera ngati yasenza thumba la chimanga, ndipo potsiriza mwini wake amatsika nayamba kuikankha, mwinanso kuinyamula kumene. Tsono chimene ife timachiyesa tsoka la paulendo, anthu a ku Ulaya adachisandutsa maseŵera, ndipo amalipira ndalama kuti akaonerere.

Mipikisano ya cyclo-cross imachitika m'nyengo yachisanu ya kumeneko, kuyambira cha mu Seputembala kufikira mu Febuluwale, pamene kumagwa mvula yozizira ndi chipale chofeŵa. Okonza mpikisano amalambula kanjira kozungulira kotalika makilomita ngati atatu, kodutsa m'minda, m'nkhalango, pamchenga ndi pazitunda zoterera. Pena amaikapo matabwa opingasa njira, pena masitepe. Opikisana amazungulira kanjirako mobwerezabwereza kwa nthaŵi yokwana ngati ola limodzi. Pamalo pamene njinga singathe kupita, wokwerayo amatsika njingayo ikali kuthamanga, naikoleka papheŵa, nathamanga nayo wapansi, kenaka nalumphiranso pachishalo osaima ngakhale pang'ono. Pambali pa njira pamakhala omuthandiza amene amamupatsa njinga yoyera, iwo natenga yamatopeyo kukaitsuka msangamsanga kuti adzaipeze ili bwino pozungulira ulendo wina.

Maseŵera ameneŵa adayambira ku France, kumene mpikisano woyamba wa dziko lonselo udachitika m'chaka cha 1902. Poyamba akatswiri a mipikisano ya pamsewu ankawachita pofuna kuti thupi lisafooke m'miyezi yozizira. Mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi udachitikira ku Paris m'chaka cha 1950, ndipo adapambana ndi Jean Robic wa ku France komweko. Wopambana mpikisano umenewu amavala malaya oyera okhala ndi mizere isanu ya utawaleza pachifuwa, ndipo amapikisana atavala malayawo kwa chaka chathunthu kuti aliyense amudziŵe. Kuyambira 1950 kufikira 1965 malayawo ankangosinthana pakati pa France, Italy ndi Germany. André Dufraisse wa ku France adawavala kasanu motsatizana, ndipo Renato Longo wa ku Italy anali atawavala kale kanayi. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ku Belgium amene adawakhudzapo.

Mnyamata wa ku Eeklo

Erik De Vlaeminck adabadwa pa 23 Malichi 1945, kutatsala milungu yoŵerengeka kuti nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ithe ku Ulaya. Kwawo kunali ku Eeklo, tauni yaing'ono ya pakati pa mizinda ya Gent ndi Brugge, m'chigawo cha Flanders. Makolo ake anali amalonda oyendayenda ogulitsa nsalu ndi zovala. Patapita zaka ziŵiri kudabadwa mng'ono wake Roger, ndipo anyamata aŵiriwo adakula kukhala okwera njinga otchuka kwambiri.

M'chaka cha 1966 mpikisano wa dziko lonse lapansi udachitikira ku Beasain m'dziko la Spain. Erik adapita kumeneko ali ndi zaka 20 zokha, ndipo adagonjetsa akuluakulu onse amene adazoloŵera kupambana, nakhala munthu woyamba wa ku Belgium kuvala malaya a utawaleza a cyclo-cross. Chaka chotsatira, ku Zürich, njinga yake idaonongeka mpikisano uli m'kati, motero Longo adatenganso ulemuwo kachisanu. Kameneko kanali komaliza kuti munthu wina amulande malayawo kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Chaka cha 1968 ndicho chimene anthu a ku Eeklo sangachiiŵale. Ku Luxembourg kudachitika mipikisano iŵiri tsiku limodzi, wina wa okwera njinga monga ntchito yolipidwa, wina wa osalipidwa. Erik adapambana wa olipidwa, ndipo mng'ono wake Roger adapambana wa osalipidwa. Taganizirani, inu makolo, ana aŵiri a bere limodzi kubwera kunyumba aliyense atavala malaya a ngwazi ya dziko lonse lapansi. Kuchokera apo Erik adapambananso ku Magstadt mu 1969, ku Zolder kwawo ku Belgium mu 1970, ku Apeldoorn mu 1971, ku Prague mu 1972 ndi ku London mu 1973. Pamene ankavala malayawo kachisanu ndi chiŵiri n'kuti ali ndi zaka 27. Adakhalanso ngwazi ya dziko la Belgium kanayi. Ngakhale pamsewu sanali munthu wamba, pakuti mu 1968 adapambana ulendo wa tsiku limodzi pa mpikisano waukulu wa Tour de France, ndipo mu 1969 adapambana mpikisano wa masiku angapo wozungulira dziko la Belgium.

Amene adamuona akupikisana amasimba makamaka za luso lake loyendetsa njinga. Mu cyclo-cross mphamvu za miyendo pazokha sizikwanira. Munthu ayenera kuŵerenga nthaka ali pa liŵiro, kudziŵa pamene pali polimba ndi pamene pangamumeze, kudziŵa pogwira buleki ndi poileka, ndiponso kusankha m'kanthaŵi kochepa ngati n'kwabwino kupalasa kapena kutsika. Pa zimenezi Erik analibe wofanana naye. Pamene anzake ankatsika, iye kaŵirikaŵiri ankapitirira ali pachishalo, ndipo motero ankasunga mphamvu zimene enawo ankataya pothamanga wapansi.

Chikomekome cha mkuyu

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'zaka zimenezo maseŵera a njinga anali ndi nthenda yobisika, ndiyo mankhwala otchedwa amphetamine. Mankhwala ameneŵa amagalamutsa ubongo. Munthu akamwa, tulo timabalalika, njala imatha, mtima umagunda mofulumira, ndipo samva kutopa. Komatu sikuti kutopako kwachoka ayi, kwangophimbika. Kutopa kuli ngati mlonda amene amachenjeza thupi kuti lafika pamalire, ndipo mankhwalawo amangotseka mlondayo pakamwa. Mphamvu yake ikatha, munthu amafooka koposa kale, amagwidwa ndi chisoni ndi nkhaŵa, ndipo amafuna kumwanso. Pakapita nthaŵi mlingo umene unkamukwanira umachepa, motero amaonjezera, kufikira sangathenso kukhala wopanda mankhwalawo ngakhale tsiku limene kulibe mpikisano.

Asilikali a mbali zonse ziŵiri adapatsidwa mankhwala ameneŵa pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse kuti asagone, ndipo nkhondo itatha adafala pakati pa okwera njinga. M'chaka cha 1965 maiko a Belgium ndi France adakhazikitsa malamulo oletsa mankhwala otere m'maseŵera. Mu 1966 madokotala adayamba kupima opikisana pa Tour de France, koma opikisanawo adanyansidwa nazo kotero kuti tsiku lotsatira adatsika panjinga nayenda wapansi poonetsa kukwiya kwawo. Chaka chotsatira, pa 13 Julaye 1967, Tom Simpson wa ku England adagwa ndi kumwalira akukwera phiri la Mont Ventoux dzuŵa likuswa mtengo, ali ndi zaka 29. M'thupi mwake adapezamo amphetamine. Umo ndimo zinthu zinalili pamene Erik anali pachimake pa kutchuka kwake, akupikisana m'matope nyengo yachisanu ndi pamsewu nyengo yotentha, wopanda mpata wokwanira wopumula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndifuna kuti achinyamata achimvetse bwino. Pa moyo wake wonse wa mipikisano, Erik sadapezekepo ndi mlandu wa mankhwala pamene madokotala ankamupima. Pamapepala onse anali wosalakwa. Komabe atapambana ku London dzina lake lidayamba kusoŵa pamipikisano, ndipo zidadziŵika kuti adagwidwa ukapolo wa amphetamine kotero kuti adafunika kulandira chithandizo cha kuchipatala. Mu 1974 malaya a utawaleza adatengedwa ndi Albert Van Damme, mnzake wa ku Belgium amene adalimbana naye zaka zambiri, ndipo mu 1975 adatengedwa ndi mng'ono wake Roger. Pamene mng'onoyo, amene pa moyo wake adapambana kanayi mpikisano wotchuka wa Paris-Roubaix, ankakwera, mkulu anali pansi. Anthu adasimba nkhani zambirimbiri za makhalidwe ake a masiku amenewo, monga mudziŵa kuti munthu wotchuka akagwa pakamwa pa anthu sipauma. Ife sitizibwereza pano, pakuti mwini wake adakana kukamba za nyengo imeneyo kufikira imfa yake.

Kapepala kaja

Atalandira chithandizo, Erik adafuna kubwerera ku mipikisano. Wokwera njinga aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe loyang'anira maseŵera a njinga m'dziko lake, ndipo mwa nthaŵi zonse chiphasocho chimakhala cha chaka chathunthu. Akuluakulu a bungwe la ku Belgium anali ndi njira ziŵiri zapafupi. Akadatha kumukaniza kotheratu, nanena kuti wachititsa manyazi dziko lake. Akadathanso kumupatsa chiphaso cha chaka ngati kuti palibe chimene chidachitika, popeza dzina lake linkakoka anthu ambiri oonerera. Iwo sadatsate njira ziŵiri zonsezo. Adamuuza kuti adzimupatsa chiphaso cha tsiku limodzi lokha, ndipo akafuna kupikisananso adzipempha china, kufikira iwo ataona mmene moyo wake ukuyendera.

Taimani pang'ono muganizire za kuŵaŵa kwake kwa chinthu chimenechi. Munthu amene dziko lonse lidamuwombera m'manja kasanu ndi kaŵiri adayenera kupempha chilolezo cha tsiku limodzi, pamene kamnyamata kongoyamba kumene kanali ndi chiphaso cha chaka m'thumba. Ambiri a ife tikadapsa mtima, tikadati, kodi anthu ameneŵa aiŵala kuti ndine yani? Erik adalandira chiphasocho napikisana. M'chaka cha 1977, pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Hannover, adafika pa nambala yachitatu pambuyo pa Albert Zweifel ndi Peter Frischknecht a ku Switzerland, nalandira mendulo yamkuwa ali ndi zaka 31. M'mabuku a mbiri ya maseŵera mendulo imeneyo imaoneka yaing'ono poiyerekeza ndi zagolide zisanu ndi ziŵiri zija. Kwa ine ndiyo imene idagulidwa ndi mtengo wokwera koposa zonse.

Mphunzitsi wa ana a eni

Chikhulupiriro chimene chidayamba ndi tsiku limodzi chidakula kufikira bungwe lomwelo lidamuika kukhala mphunzitsi wamkulu wa cyclo-cross wa dziko la Belgium, ntchito imene adaigwira kuyambira 1989 kufikira 2002. Munthu amene kale sankamukhulupirira pa moyo wake womwe tsopano adamupatsa ana a eni kuti awalere. Luso lija limene linali m'manja ndi m'miyendo yake adaligaŵira achinyamata, ndipo sankaleka kudandaula kuti ngakhale cyclo-cross inkabweretsera dziko lake mamendulo ambiri, ndalama zochuluka zinkapita ku mipikisano ya pamsewu.

Ali pa ntchito imeneyo adakumana ndi chiyeso choposa zonse zakale. Mwana wake Geert nayenso anali wokwera njinga wa cyclo-cross. M'chaka cha 1993, pa mpikisano wa ku Heist-op-den-Berg, mtima wa mnyamatayo udaima mpikisano uli m'kati, ndipo adamwalira ali ndi zaka 26, atate wake ali pomwepo kuonerera. Kholo lililonse lingathe kumva kulemera kwa tsiku limenelo popanda ine kulongosola. Munthu akadayembekeza kuti bamboyo sadzapondanso pamalo a mpikisano. Koma iye adapitiriza ntchito yake kwa zaka zina zisanu ndi zinayi, akuphunzitsa anyamata a msinkhu wa mwana wake.

Zipatso zake zidaoneka. Patangopita miyezi yoŵerengeka, kuchiyambi kwa 1994, Paul Herijgers adakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi pamchenga wa ku Koksijde. Mario De Clercq adapambana mu 1998 ndi mu 1999, ndipo Erwin Vervecken adapambana mu 2001. Pakati pa achinyamata osafika zaka 23, Sven Nys adapambana mu 1997 ndi 1998, ndipo Bart Wellens mu 1999 ndi 2000. M'chaka chake chotsiriza monga mphunzitsi, 2002, mpikisano wa dziko lonse lapansi udabwerera ku Zolder, kumene iye mwini adapambanako zaka 32 zapitazo. Tsiku limenelo malo onse atatu oyamba adatengedwa ndi anyamata a ku Belgium: De Clercq, Tom Vannoppen ndi Nys. Ku Zolder komweko mpikisano wina udatchedwa dzina lake pomulemekeza.

Mu ukalamba wake adadwala matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa ziŵalo, ndiponso a Alzheimer, amene amalanda munthu chikumbukiro. Adamwalira pa 4 Disembala 2015 ali ndi zaka 70. Pakati pa amuna panalibe amene adafika pa zipambano zake zisanu ndi ziŵiri kwa zaka 52, kufikira Mathieu van der Poel wa ku Netherlands adazikwanitsa ku Liévin mu 2025. Pakati pa amayi, Marianne Vos, wa ku Netherlands komweko, adafika pa zisanu ndi zitatu mu 2022. Ziŵerengero zotere zimapitiriridwa ndi obwera m'mbuyo, ndipo n'koyenera kuti zitero.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Tsopano ndibwerere ku kapepala kaja. Inu makolo, pali mabanja ambiri amene ali ndi mwana amene adaloŵerera ndi moŵa, chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo, ndipo tsiku lina amabwera nanena kuti wasintha. Pamenepo mtima wa kholo umagaŵanika. Mbali ina imati, ndatopa naye, adandinamiza kambiri, asaloŵenso m'nyumba muno. Mbali ina imati, mwana wanga wabwera, ndimupatse makiyi onse ndi ndalama zonse kuti asaone ngati ndikumukayikira. Njira yoyambayo imamubwezera kwa anzake omwe aja, pakuti ndi okhawo amene adzamutsekulira khomo. Njira yachiŵiriyo imamusenzetsa katundu amene miyendo yake sinalimbe kumunyamula, ndipo akagwa naye timati taonani, sadasinthe konse.

Akuluakulu a ku Belgium aja adationetsa njira yapakati. Choyamba, zindikirani kuti chiphaso chidabwera pambuyo pa chipatala. Ukapolo wa mankhwala ndi matenda ofuna chithandizo cha odziŵa, ndipo kukalipa kokha sikuuchiritsa. Chachiŵiri, mpatseni mwanayo chiphaso cha tsiku limodzi. Mtumeni kumsika ndi ndalama zochepa, ndipo madzulo muŵerengere pamodzi zotsala. Mpatseni ntchito imene angathe kuimaliza lero. Akaichita bwino muuzeni poyera kuti wachita bwino, ndipo maŵa mumpatse ina yokulirapo. Akalephera, khomo lisatsekedwe, koma muyambirenso pa tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachitatu, musamukumbutse zakale pamaso pa alendo kapena nthaŵi iliyonse mukasemphana mawu. Erik sadakakamizidwe kusimba manyazi ake chaka ndi chaka kuti apatsidwe ntchito, anthu adayang'ana zimene ankachita.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mutengepo zinthu ziŵiri. Mnzanu akakupatsani kanthu nati kakuthandiza kuŵerenga usiku wonse, kakuchotsa manyazi, kapena kakupatsa mphamvu pa mpira, ndiponso nati palibe amene adziŵe, kumbukirani kuti Erik De Vlaeminck sadagwidwepo ndi dokotala aliyense wopima, komabe adagwa. Thupi lanu lidzadziŵa ngakhale aphunzitsi ndi makolo asadziŵe. Ndipo ngati wina wa inu adagwa kale, ndipo tsopano akuona ngati kunyumba akumuyesa mwana wakhanda pomufunsa kumene akupita ndi nthaŵi imene abwere, asapse mtima. Walira mvula walira matope: amene afuna kuti amukhulupirirenso alandirenso mafunso amene amadza nacho chikhulupirirocho. Ngwazi ya dziko lonse lapansi idalandira chiphaso cha tsiku limodzi, ndipo patapita zaka idapatsidwa gulu lonse la dziko lake kuti iliphunzitse.

Nkhaniyi muikambirane pabanja madzulo ano, makolo ndi ana pamodzi. Tidzakumananso m'danga lomwe lino mwezi wamaŵa.